Tsiku Limene Tinapanga Mchere pa Bwalo la Mpira

Ndili Fomu 3 pa sekondale ina pafupi ndi Nkhotakota Boma, nthawi ya sayansi inali nthawi yanga yopesa tsitsi. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera losweka, ndipo kachidutswa ka galasi kamene kanatsalira pakona ndiko kanali kalilole wanga. Zaka zimenezo tsitsi la mnyamata likatalika, anyamata a chipani ankatha kumuimitsa pamsika n'kumumeta pomwepo anthu akuona. Ine langa ndinkalisunga pamalire penipeni, losafika pometedwa koma lokwanira kubayamo chipeso. Ndinkadziona wokongola kwambiri. Palibe amene anandiuzapo zimenezo, koma sindinkadikira umboni.

Kwathu kunali kugombe, kupitirira Dwangwa, kumene adada anakhazikika atachoka kumpoto kudzapha usipa. Pagombe ponse ankadziwa kuti mwana wawo adzakhala dokotala, chifukwa iwo ankauza aliyense wobwera kudzagula nsomba. Malipoti anga a sayansi sankagwirizana nazo, koma adada sankawerenga Chingerezi, ndipo ine ndinali womasulira wachifundo.

Chaka chimenecho kunabwera aphunzitsi atsopano a sayansi, achinyamata ndithu, ongochoka kumene ku yunivesite, owonda, thalauza lawo nthawi zonse lili mbuu ndi choko. Amene analipo kale anatiphunzitsa za atomu mwachidule: jambula kadontho pakati, zunguliza mizere, ika maelekitironi awiri pa mzere woyamba, eyiti pa wachiwiri, eyiti pa wachitatu, basi wakhoza mayeso. Atsopanowa atatimva tikuimba "thuu, eyiti, eyiti" ngati ana a Sitandade 1, anagwira mutu.

"Zimenezo n'zoona, koma n'zoona za pamwamba chabe," anatero. "Elekitironi si mbuzi yomangidwa pachikhomo kuti azingozungulira."

Anatiuza kuti pakati pa atomu pali phata, ndipo maelekitironi amakhala m'masitepe a mphamvu. Sitepe yoyamba ili pafupi ndi phata ndipo okhalamo ali ndi mphamvu zochepa. Ukamakwera, mphamvu zimachuluka ndipo phata limakugwira mofooka. Sitepe iliyonse ili ndi zipinda zake, zimene iwo ankazitchula maobitolo. Chipinda chotchedwa esi n'chobulungira ngati lalanje. Kuyambira sitepe yachiwiri pamawonjezeka zipinda zitatu zotchedwa pi, chilichonse chooneka ngati mtedza wosasenda wa njere ziwiri. Chipinda chimodzi chimalowa maelekitironi awiri basi.

"Iwe wa chipesowe," anandiloza, "bambo ako ali kuti panopa?"

"Ali kugombe, aphunzitsi."

"Ukuwaona?"

"Ayi."

"Nanga wadziwa bwanji?"

"Nthawi ngati ino amakhala akusoka ukonde. Kupanda apo ndiye kuti ali pa bawo."

"Basi, chipinda chimene ndikunena n'chimenecho. Chilibe makoma. Sitinganene kuti elekitironi ali apa ndendende, koma tikudziwa dera limene amapezekapezeka."

Kalasi yonse inaseka, ine n'kumaganiza kuti akusekera kuchenjera kwanga. Zina zimene ananena tsiku limenelo sindinazimve, ndinabwerera ku galasi langa.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wina, mwana wa atelala a pafupi ndi mzikiti ku Boma. Masamu ankatiposa tonse, ndipo yunifolomu yake inkamukhala bwino kuposa ya wina aliyense poti inasokedwa pakhomo. Chaka chonse cha Fomu 2 anandilankhula kamodzi kokha, pakhomo la laibulale, pamene anati, "Tapatukani ndidutse." Mawu amenewo ndinawasinkhasinkha mpaka holide, kufunafuna ngati munali tanthauzo lina mkati mwake.

Nyengo yotentha itafika, mvula isanagwe, ahedi analengeza kuti kudzakhala tsiku la makolo, ndipo mlendo wolemekezeka adzakhala atcheyamani a chipani a m'boma lathu. Phunziro lililonse linayenera kuonetsa kanthu. A zaulimi anali ndi kabichi wawo, a Chingerezi anali ndi sewero. Mu labu yathu munali mabotolo ambiri koma pafupifupi onse anali opanda kanthu, choncho aphunzitsi a sayansi anaganiza zawozawo.

"Ife tidzapanga mchere," anatero, "koma tidzaupanga ndi anthu."

Anajambula pabolodi maatomu awiri. Sodiyamu ali ndi maelekitironi leveni: awiri pa sitepe yoyamba, eyiti pa yachiwiri, ndi mmodzi yekhayekha pa yachitatu. Kolorini ali ndi seventini: awiri, eyiti, kenako seveni, kuperewera mmodzi kuti sitepe yachitatuyo ikhazikike. Akakumana, wayekha wa sodiyamu uja amachoka kwawo n'kukalowa m'chipinda cha kolorini mmene muli mmodzi yekha, ndipo chimene chimatuluka ndi mchere umene timathira mu ndiwo. Anyamata a kalasi yathu adzakhala sodiyamu. Atsikana analipo ochepa, ndiye masitepe a mkati a kolorini adzaimamo ana a Fomu 1, koma sitepe yakunja idzakhala ya atsikana seveni a m'kalasi mwathu.

Apo ndi pamene ndinaika chipeso m'thumba. Mnyamata mmodzi adzachoka pakati pa anzake, kuwoloka bwalo lonse, n'kukalowa m'chipinda chimodzi ndi mtsikana mmodzi, pamaso pa ahedi, ndi chilolezo cha ahedi. Pa sukulu imene kungoima ndi mtsikana kuseri kwa kalasi kunali kukumba dzenje la zinyalala, nkhani imeneyi sinali yaing'ono.

Titaweruka ndinawatsatira aphunzitsi mpaka ku labu n'kuwapempha kuti andibwereke buku lawo la ku yunivesite. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkhope yawo inawala moti ndinachita manyazi pang'ono. Anandipatsa bukulo ndi manja awiri.

Chimene ndinkafuna kudziwa chinali chimodzi: mwa atsikana seveniwo, ndani amene amatsala yekha m'chipinda? Aliyense akanaganiza kuti ndi womaliza pa mzere. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango masana angapo, ndikujambula zipinda pamchenga n'kumaikamo timiyala. Bukulo linkati zipinda za mphamvu zochepa zimayamba kudzaza, ndiye atsikana awiri oyamba alowa mu esi. Otsala asanuwo ndi a zipinda zitatu za pi. Pamenepo panali lamulo lina limene linandivuta mpaka nditakumbukira kugombe: mawato atatu akakhala pamchenga opanda munthu, palibe msodzi amene amakadziphatika m'bwato la mnzake; aliyense amatenga lake, ndipo obwera mochedwa ndi amene amakwera ndi anzawo. Ndiye wachitatu, wachinayi ndi wachisanu aliyense atenga chipinda chake. Wachisanu ndi chimodzi akalowa kwa wachitatu, womaliza akalowa kwa wachinayi. Wotsala yekha ndi wachisanu.

Ndinabwereza timiyala tija kambirimbiri, yankho osasintha. Chiyambire sukulu ndinali ndisanamvetsepo chinthu cha sayansi mpaka pansi ngati mmene ndinamvetsera chimenechi.

Aphunzitsi ataona kuti ndikuyankha mafunso m'kalasi anandisankha kukhala wowathandiza kundandalika anthu. Atafunsa amene angafune kukhala elekitironi wa nambala leveni wa sodiyamu, ndinakweza dzanja asanamalize kulankhula. Palibe amene anapikisana nane. Ndinaganiza kuti anzanga ndi ogona.

Tsiku loyamba kuyeserera tinalemba zipinda pabwalo la mpira ndi phulusa la kukhitchini. Aphunzitsi anadandaula kuti chipinda chachitatu cha pi chimayenera kuloza kumwamba, koma poti munthu sangaime m'malere tinachijambula chopendekera. Pakati pa atomu iliyonse tinaikapo mgolo, ndi mnyamata wa Fomu 4 woumenya, kukhala phata. Ine ndinandandalika atsikana aja, ndikuoneka wotanganidwa kwambiri, ndipo mwana wa atelala ndinamuika wachisanu.

"Inu," anatero, "mwandiika pano dala eti?"

Ankanditchula kuti inu ngati ndine malume ake, ndipo ine ndinkaona ngati ndi ulemu.

"Ndatengera msinkhu," ndinayankha.

"Msinkhu wanji, poti wa kutsogolo kwangayu ndi wamfupi, wa kumbuyoyunso ndi wamfupi?"

Ndinayang'ana phulusa.

"Wachisanu ndi amene amatsala yekha," anatero. "Si inu nokha amene mumamva akamaphunzitsa."

Koma sanachoke pamalopo. Ine ndinatenga zimenezo ngati kuvomera. Pano ndikuganiza kuti anangoona kuti kukangana nane padzuwa kunali kutaya nthawi.

Chifukwa chimene anzanga sanapikisane nane ndinachidziwa madzulo omwewo. Aphunzitsi anati elekitironi wa sitepe yakunja ndi amene ali ndi mphamvu zambiri, ndipo chipinda chake cha esi n'chachikulu, chozungulira atomu yonse. Choncho pamene a mkati ankangosunthasuntha awiriawiri m'tizipinda tawo, ine ndinayenera kuthamanga osaima, osatinso mozungulira bwinobwino ngati mbuzi ija, koma mokhotakhota, kulowa ndi kutuluka, kuti anthu asadziwe pamene ndikhale. Ndinathamanga. Ndinadziuza kuti chinthu chabwino umachivutikira.

Masiku oyamba sitinkafika n'komwe powoloka, chifukwa ana a Fomu 1 ankasokoneza zipinda ndi kumenyana. Tsiku limene wezulo inalira koyamba kuti ndiwoloke, ndinadutsa bwalo ngati mkwati, n'kulowa m'chipinda cha phulusa chija, n'kuima maso ndi maso ndi mwana wa atelala, ndikumwetulira.

"Tembenuka," anatero aphunzitsi. "Waiwala mivi ija?"

Mivi ija ndinali ndisanaiwale. M'buku, awiri a m'chipinda chimodzi amalembedwa ngati mivi, wina kuloza kumwamba wina pansi, chifukwa sangakhale limodzi atayang'ana kumodzi. Ndinali nditaijambula pamchenga nthawi zambiri. Ndinkaonanso tsiku lililonse anzanga a m'zipinda za mkati atafulatirana. Koma m'mutu mwanga lamulo limeneli linali la anthu ena. Ndinatembenuka, msana wanga kuloza msana wake, ndipo chimene chinali patsogolo panga chinali chimbudzi cha anyamata.

"Kolanani m'zigongono," anatero aphunzitsi, ndipo mtima wanga unayambanso kutsitsimuka.

Koma amayi oyang'anira atsikana anali ataima chapafupi ndi ambulera yawo.

"Zimenezo ayi, aphunzitsi. Pamaso pa atcheyamani? Bambo a mwanayu adzakhalaponso. Apatseni bango agwire, wina uku wina uko."

Anatipatsa bango lalitali ndithu. Ndiye zimene ndinapindula pa kuwerenga konse kuja zinali kuima mofulatirana ndi mtsikana amene sindinkamuona, nditagwira bango chakumbuyo, ndikuyang'ana chimbudzi. Ndikanatha kusiya, koma aphunzitsi anali atauza kale ahedi kuti apeza mwana wa sayansi weniweni, ndipo ahedi anali atanditchula pa asembule.

Tsiku la makolo linafika ndi dzuwa la Nkhotakota lija limene limawotcha kuyambira m'mawa. Adada anabwera pa lole ya nsomba atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kuonetsa khadi la chipani pageti monga ankachitira aliyense. Ine ndinali nditasita malaya ndi simbi yamakala, ndipo m'mutu ndinathira mafuta odzola ochuluka kuti tsitsi liziwala ndikamawoloka. Atcheyamani anachedwa. Tinaimba nyimbo zotamanda mtsogoleri wa dziko mpaka kukhosi kunauma, tinayambiranso, ndipo galimoto yawo inafika dzuwa lili pamutu.

Kabichi ataonetsedwa ndi sewero litatha, inafika nthawi yathu. Migolo inayamba kulira, ine n'kuyamba kuthamanga. Pokonzekera aphunzitsi ankalankhula mwachidule, koma tsiku limeneli ataona anthu ochuluka anayambira kutali: atomu n'chiyani, ndi yaing'ono bwanji, masitepe, zipinda, mivi. Ankalankhula m'Chingerezi, ahedi n'kumamasulira m'Chichewa, ndipo ahedi anali munthu wosakonda kusiya mawu osawakometsera. Nthawi yonseyi ine ndinali kuthamanga. Mafuta aja anasungunuka n'kutsikira m'maso. Ndinkaona anthu ngati ali m'madzi.

Pomaliza wezulo inalira. Ndinachoka ku sodiyamu ndikudzandira, ndipo ndili pakati pa maatomu awiriwo ndinamva mawu aakulu.

"Taimani kaye."

Anali atcheyamani, atakweza ndodo yawo. Migolo inasiya. Ine ndinaima pamenepo, pa udzu wopanda phulusa.

"Mnyamata uyo akupita kuti?"

"Akuchoka ku sodiyamu kupita ku kolorini, bwana," anayankha aphunzitsi.

"Akusiya anzake?"

"Inde bwana. Ali kutali ndi phata, ndiye phatalo silikumugwira mwamphamvu."

"Ndiye kuti wagalukira."

Amene sanakhaleko zaka zimenezo sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Wogalukira anali munthu amene dzina lake silinkatchulidwanso, ndipo abale ake ankawerengedwa naye limodzi. Ndinaona aphunzitsi akutsegula pakamwa kuti afotokozenso za mphamvu ya phata, ndipo ndinadziwa kuti akapitiriza atiika tonse m'mavuto. Ahedi anawagwira pamkono.

"Ayi bwana, sanagalukire," anatero ahedi modekha. "Imeneyi ndi transifa. Kunoko anali wapadera, uko kwaperewera mmodzi. Watumidwa, ndipo wamvera osafunsa mafunso."

Atcheyamani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akakafika akakhala?"

"Akakhazikika, bwana. Mbali zonse ziwiri zikhala pa bata."

"Chabwino. Apite."

Anthu anaomba m'manja mwamphamvu kuposa mmene anaombera kabichi. Ndinamaliza ulendo wanga, kulowa m'chipinda, kutembenuka, n'kupapasa bango kumbuyo.

"Mukupuma ngati ng'ombe," ndinamva mawu kumbuyo kwanga, otsika. "Gwirani bwino bangolo, mukundikoka."

Ndinafuna kuyankha chinachake chanzeru. Ndinayang'ana kutsogolo, n'kuona chimbudzi chija chikupendekeka pang'onopang'ono, kenako sindinaonenso kanthu.

Ndinatsitsimukira pansi pa mtengo wa mango, amayi a ambulera aja akundithira madzi a m'ndowa. Malaya anga anali phulusa lokhalokha, ndipo m'tsitsi phulusa linasakanikirana ndi mafuta n'kukhala ngati matope. Kubwalo atcheyamani anali akulankhula, ndipo ndinamva akunena kuti achinyamata onse atengere chitsanzo mnyamata uja, amene anatumidwa ndipo anapita mpaka kugwa pantchito.

Adada anali atakhala pamuzu wa mtengowo, jekete atalipinda pamaondo. Anadikira mpaka amayi aja atachoka.

"Unalakwa chiyani?" anandifunsa.

"Sindinalakwe, adada."

"Anzako onse anaima awiriawiri akungogwedezeka. Iwe wekha ndiye amakuthamangitsa ngati wakuba. Undiuze zoona, ndikapepese kwa ahedi ndisanapite."

Ndinayesa kuwafotokozera za masitepe a mphamvu, kuti wakunja ndiye wamphamvu kuposa onse.

"Wamphamvu ndi amene wagwayu?"

Anatulutsa m'thumba kaphukusi ka usipa wowamba kamene amama anatumiza, n'kundipatsa.

"Mchere wake uli kuti?" anafunsanso.

"Mcherewo tinali ifeyo, adada."

Anagwedeza mutu, n'kunyamuka kukafuna lole yobwerera. Holide itafika ndinapeza kuti pagombe ponse akudziwa kuti ndinapatsidwa chibalo pamaso pa atcheyamani koma anandikhululukira, ndipo sindinathe kuikonza nkhaniyo.

Lolemba lotsatira tsiku la makolo lija, mwana wa atelala anaima pa desiki yanga popita kumalo ake.

"Mwachira?"

"Ndachira."

"Ena amati munakomoka ndi njala. Ine ndinawauza kuti ndi mafuta aja."

Anapitirira. Umenewu ndiwo unali mapeto a nkhani yathu, ngati inalipo. Anakhoza bwino Fomu 4, anasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo ndinamva kuti anadzakhala mphunzitsi wa masamu kumwera. Ine udokotala sindinaufike. Ndinakhala mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndaphunzitsa m'sukulu za m'mbali mwa nyanja mpaka kupuma. Sayansi ya Fomu 4 ndinakhoza ndithu, ngakhale kuti funso la atomu linkangofuna thuu, eyiti, wani, ndipo ine ndinadzaza tsamba lonse ndi zipinda ndi mivi mpaka nthawi ya mafunso ena inachepa.

Aphunzitsi a sayansi aja sanakayikepo za ine. Lolemba lomwelo anandiitana ku labu, nkhope yawo idakali yotuwa ndi zimene zinachitika, n'kundiuza kuti sanaonepo mwana wodzipereka pa sayansi chotere. Monga mphotho anandipatsa kiyi wa labu ndi udindo wotsuka mabotolo Lachisanu lililonse masana, nthawi imene anzanga ankasewera mpira ndipo atsikana ankakhala m'mbali kuonerera. Ndinatsuka mabotolo opanda kanthu aja mpaka kumaliza sukulu. Iwo ankakhala pa tebulo akuchonga makope, n'kumandiuza zimene sizinali pa silabasi: kuti kupitirira pi kuli zipinda zina zisanu zotchedwa di, kuti utoto wa moto umasintha elekitironi akatsika kuchoka pa sitepe yapamwamba. Poyamba ndinkangovomera kuti nthawi ipite, maso ali pazenera loyang'ana kubwalo.

Lachisanu lina, manja ali m'beseni, ndinadzimva ndikufunsa chifukwa chimene elekitironi womaliza wa potaziyamu amakwerera ku sitepe yachinayi pamene zipinda za di za sitepe yachitatu zili zopanda munthu. Mu labumo munalibe wina aliyense woti andimve. Aphunzitsi anaika cholembera pansi, anatenga choko, n'kupita pabolodi. Pamene tinkatseka labu tinapeza nyemba za madzulo zitatha kale kukhitchini, ndipo ananditengera kunyumba kwawo kukamwa tiyi ndi chinangwa.